Mtsiro wa M'ngalande

1. Utsi wa a Jafeti

"Uchotse zinyalala zakozi pakhomo panga lero lomwe, Jafeti! Ukufuna tonse tife ndi chifuwa kuti utsale wekha ndi mabatire akowo? Ufa ndayanika apowu wasanduka phulusa. Udya ndiwe?"

Amenewo anali amake Rachel, atagwira m'chiuno, chitenje chitakwera mpaka m'mawondo. Mayi ameneyu akayamba kulalata, ngakhale agalu a ku Kachulu amasiya kuuwa n'kumamvetsera.

"Pakhomo panu?" anatero a Jafeti, mlongo wawo wamng'ono. "Malo ano anatisiyira tonse amayi, achemwali. Kapena munabadwa nokha? Nanga ndiwo mumadya masiku onsewa zimagwa kumwamba?"

"Matemba owola awiri ndiye uziimba nawo nyimbo? Chotsa, ndati! Apo ayi chiwaya chakocho ukachivuula m'chimbudzi."

Musadabwe, awiriwa anayamba kulimbana a Jafeti akanayamwa. Wa tsiku limeneli unali mkangano wa ntchito. A Jafeti ankagula mabatire akutha a galimoto ndi a sola, n'kumawaswa ndi nkhwangwa kuseri kwa nyumba. M'katimo ankachotsa mtovu, kuusungunula pachiwaya, n'kuumba tizitsulo tolemera timene asodzi amamanga kunsi kwa ukonde kuti umire. Asodzi ankachokera mpaka kuchilumba cha Chisi kudzagula. Koma utsi wake, abale! Unkakanda kukhosi ngati wameza chitedze.

Leah, mwana wachiwiri wa amake Rachel, mtsikana wa Fomu 1, anaima pakhonde n'kumaonerera. Kumbuyo anabereka Wisdom, mwana wa mkulu wake Rachel, kamnyamata konenepa masaya kamene kanali katangoyamba kukwawa.

"Amalume, mwaiwala nkhwangwa," anatero Leah akubisa mano.

"Iwenso wayamba? Pakamwa ngati amako!"

A Jafeti anakoka katundu wawo mpaka kumsewu, pansi pa mtengo wa malaina, pomwe maminibasi a ku Zomba amatembenukira. Madzi a m'batire, phulusa ndi zotsala zonse ankangozikankhira m'ngalande ya msewu. Amake Rachel anasesa pakhomo ponse, n'kuuza aliyense pachitsime kuti apulumutsa banja.

2. Ulendo wa kudambo

Dzuwa la Okotobala litafika, kunabwera uthenga wakuti apongozi a Rachel akubwera Loweruka kuchokera ku Jali kudzaona mdzukulu. Mwamuna wa Rachel, Wilisoni, ankakhalira kunyanja, ndiye ulemu wonse wa pakhomo unali m'manja mwa akazi.

"Leah, tenga chidebe ndi khasu upite kudambo ukakumbe mtsiro," anatero amayi ake. "Mayi akubwerayo maso ake ndi a kabawi. Chaka chatha anapeza chitosi chimodzi pakhonde, nkhani inakafika mpaka kutchalitchi kwawo. Ndiye undimvere bwino. Mtsiro weniweni uli kuseri kwa minda ya mpunga, pomwe pamamera mabango. Ukumbe mpaka upeze wonyowa, wonanda m'manja. Usanditolere dothi la paliponse ngati nkhuku. Khonde si lokongoletsa chabe, mwana wanga. M'pamene timadyera, m'pamene timapetera mpunga, m'pamene mwanayu amaswera. Chimene waika pakhonde waika m'mbale."

"Koma amayi, lero kuli netibolo."

"Netibolo idzakukwatira? Nyamuka!"

Chaka chimenecho nyanja inali itathawira kutali. Dambo linang'ambika, dothi lake kuuma ngati njerwa yootcha, ndipo ponyowa panali ulendo wofika nawo thukuta lili kamukamu. Leah anatuluka milomo ili chu, chidebe chikulira m'manja.

Pamsewu a Jafeti panalibe, anali atapita ku Zomba kukasaka mabatire. Leah anaponya maso m'ngalande. Munadzaza fumbi lakuda motuwira, losalala ngati ufa wa mpunga, lonyezimira dzuwa likaliwomba. Anagwada, analavulira m'dzanja, n'kupaka pang'ono pachala. Linamata bwinobwino.

"Mwana wa amake Rachel, wataya ndolo m'menemo?"

Anali a Pitala, nkhalamba yokonza njinga tsidya la msewu.

"Ayi agogo, ndikungoona."

"Kungoona ndi chidebe? Tabwera kuno. Ukuwaona manja angawa? Sindinabadwe akunjenjemera chonchi. Ndinakulira pagalaja ku Limbe, m'mbali mwa msewu waukulu. Fumbi la pamsewu si dothi, mwana iwe. Dothi analenga Mulungu, limamera chimanga. Fumbi la pamsewu amapanga ndi magalimoto. Mabuleki akamatha amapita kuti? Tayala likamasalala, mphira wake amapita kuti? Oyilo wakuda, utoto wosupuka, dzimbiri, zonse zimaperesedwa n'kugona m'mbali mwa msewu. M'tauni ana amapuma zimenezi tsiku ndi tsiku, mandasi n'kumagulitsidwa pomwepo osavundikira. Ife kuno tinali ndi mwayi, magalimoto ndi ochepa. Koma taona, amalume ako athiramo mtovu wa mabatire. Mtovu sununkha, suwawa palilime, komanso suwola. Sufulumira ngati ululu wa njoka ayi. Umakhala phee m'magazi ndi m'mafupa, n'kumamudya munthu pang'onopang'ono. Ine wamkulu unandisiya chonchi, nanga kamwana? A Jafeti ndawauza, akuti ndine nkhalamba yansanje. Iwe usakhudze zimenezo. Ukapondamo, ukasambe mapazi usanalowe m'nyumba."

"Ndamva, agogo."

Kumva anamvadi, makutu anali nawo awiri. Koma kunabwera wakabaza tayala litaphwa, a Pitala n'kuwerama kufufuza pobooka. Leah anatapa chidebe chodzaza, kuvundikira ndi masamba, n'kuzemba njira yakuseri kukachibisa kubafa. Ku netibolo anapita, zigoli anamwetsa. Pobwera anadzera pachitsime n'kudzipaka matope m'miyendo kuti aoneke ngati wochokera kudambo.

3. Khonde lowala

M'mawa mwake anakanda fumbi lija ndi madzi, n'kuzira khonde lonse ndi manja. Litayamba kuuma analipititsa nkhulungo, mwala uja wosalazira. Khonde linatuluka lakuda bii, lowala ngati mphika watsopano.

Apongozi a Rachel anafika milomo atainola kale. Anayang'ana denga, anayang'ana mbale, anasuzumira ngakhale kubafa. Atafika pakhonde anaima, n'kupalasa ndi phazi.

"Wazira apa ndani?"

"Ndi kamtsikana kangaka," anayankha amake Rachel, khosi litatalika. "Kudambo kamapita kokha, osakatuma kawiri."

"Ii, mwalera asewere. Kwathu ku Jali atsikana a masiku ano ndi mafoni basi. Ameneyu mundisungire, ndili ndi kamdzukulu kakuphunzira zamagetsi."

Onse anaseka. Leah anaweramitsa mutu ngati wamanyazi, koma mumtima munali ng'oma.

Kutamandidwa kuli ngati thobwa lotsekemera, sumwa kamodzi. Kuyambira pamenepo Leah ankazira sabata iliyonse, osadikira kutumidwa. Ankadikira a Pitala apite kukadya, iye n'kutsikira m'ngalande. Anazira khonde, anaziranso chipinda chomwe Rachel ankagona ndi mwana. Ngakhale a Jafeti podutsa anaima n'kuyamikira kuti, "Apa ndiye ngati simenti, mphwanga." Osadziwa kuti akutamanda phulusa lawo lomwe.

Nanga Wisdom ankaswera pati? Pakhonde pomwepo. Ankakwawa uku ndi uku, timanja takuda bii, kenako timanja tomweto m'kamwa. Mbatata ikagwa pansi ankatola n'kudya. M'mphepete momwe mtsiro unang'ambika ankakolokosola ndi kachala n'kumabwira.

"Musiyeni," ankatero agogo ake, amake Rachel. "Mwana amakula ndi dothi. Tonsefe tinadya, tafa?"

Tsiku lina Leah anamuchotsa Wisdom dothi m'kamwa, mawu a a Pitala n'kumudutsa m'mutu. Koma kamwanako kanamusekerera, masaya ali fwaa, mano awiri ali mbee. Mwana wodwala amaseka chonchi? Nkhalamba zimakonda kuopseza. Anamupukuta pakamwa n'kumukhazikanso pomwepo.

4. Mwana asiya kuseka

Mvula yoyamba isanagwe, Wisdom anayamba kukana phala. Ankalira osatonthola, kamimba kali gwa, masiku kudutsa osapambuka. Zikhato zake zinayera ngati wasamba phulusa. Anali atayamba kuimirira atagwira chitseko n'kumaitana Leah kuti "Eya! Eya!" Zonsezo anasiya. Ankangokhala pomwe wamuika, maso ali gwa kukhoma.

Kuchipatala chaching'ono anamuyeza malungo, osapezeka. Anati magazi ndi ochepa, n'kumupatsa mankhwala akumwa. Apongozi a ku Jali anaimba foni kunena kuti mwanayo amusempha, ndipo Rachel afotokoze bwino mayendedwe ake poti mwamuna ali kunyanja. Amake Rachel analanda foniyo.

"Mufunse mwana wanuyo zimene amachita ku Chisi! Wanga ndimagona naye nyumba imodzi!"

Anatukwanizana mpaka mayunitsi kutha, mwana ali chigonere pakhonde.

Tsiku lina masana, Rachel akupeta mpunga, Wisdom anagwa chagada. Maso anatembenuzika, timiyendo n'kumakoka, thovu kukamwa. Rachel anakuwa mokuti kudoko anamva. Amene anafika poyamba anali a Jafeti, opanda nsapato. Anamunyamula mwanayo, kuthamanga naye kumsewu, n'kuimitsa minibasi yomwe inali itanyamuka kale. Rachel ndi amayi ake anakwera ulendo wa kuchipatala chachikulu ku Zomba.

Leah anatsala yekha ndi lichero la mpunga litatayika pakhonde. Anayamba kutola mpungawo, koma ataona mmene wadera anausiya.

5. Chiwaya chigubuduzika

Kuchipatala anakhalitsa. Magazi a mwana anachita kutumizidwa ku Blantyre. Zotsatira zitabwera, amake Rachel anabwerera okha patsogolo. Atatsika minibasi sanapite ndi kunyumba komwe. Analunjika pansi pa malaina paja, chikwama chili kumutu.

"Jafeti! Imirira undiyang'ane! Adokotala akuti m'magazi a mwana muli mtovu. Mtovu, Jafeti! Kuno ku Kachulu amaweta mtovu ndani? Akuti mankhwala amupatsa, moyo wapulumuka, koma zimene zawonongeka m'mutu sakudziwa ngati zidzabwerera. Mwina adzachedwa kuyankhula, mwina sukulu idzamukanika. Akuti kamwana kakameza mtovu thupi limaulandira ngati chakudya, kuposa wamkulu. Akutinso tikamubwezera pomwe anautenga, udzalowanso, ndipo ulendo wachiwiri mwina sitidzabwera naye. Wamva? Wamva zimene wachita?"

"Koma achemwali, ine pakhomo ndinachokapo kalekale. Mwanayo kuno sanapondeko."

"Mphepo ili ndi mpanda? Utsi wako umapempha chilolezo polowa m'nyumba?"

Anamenya mbaula ndi phazi, chiwaya n'kugubuduzikira pamsewu. Anthu anasiya matemba pathandala kudzaunjikana. Ndiye mukudziwa, mayi ameneyu anthu akachuluka lilime limatalika.

"Kapena unachita dala! Tonse tikudziwa kuti ukufuna injini ya boti. Unapereka mdzukulu wanga kuti ulemere, mfiti iwe!"

Anthu anati "Aaa!" Mawu amenewo sabwezeka. A Jafeti, munthu woti sanagonjepo pakamwa chibadwire, anangokhala pansi pa batire lakutha.

"Ngati ndi utsi wanga, Mulungu andikhululukire," anatero motsitsa. "Koma zinazo, achemwali, mwanena pagulu."

Anakweza zipangizo zawo pawilibala n'kumapita, osatembenuka.

Leah anali m'gulumo. Atadzutsa maso anapeza a Pitala akumuyang'ana kuchokera tsidya la msewu. Iye anayang'ana zala zakumapazi.

Pofika kunyumba amayi ake anali atapepukidwa ngati munthu wotula mtolo wa nkhuni.

"Basi, tachotsa chinthucho. Mawa Rachel akutuluka ndi mwana. Uzire khonde ndi chipinda chomwe ndi mtsiro wako uja, mwana afikire paukhondo."

6. Khasu

Kutacha, amake Rachel anapita kusiteji kukachingamira. Leah anatenga chidebe n'kutulukira kumsewu. Anaima m'mbali mwa ngalande, koma sanatsikiremo. Anawoloka.

"Agogo, mtovu ukalowa m'khonde amauchotsa bwanji?"

A Pitala anaika sipanala pansi. Anamuyang'ana, anayang'ana chidebe, anayang'ananso ngalande.

"Suchoka. Amachotsa khondelo."

Leah anayamba kulira.

"Misozi sunga, ikufunika kutsogoloku. Kukalipa ndasiyira amako, amakutha kuposa ine. Tsopano tamvera. Usakumbe pouma, fumbi lingabuke n'kulowa m'miphika. Thira madzi kaye anyowe ndithu. Umange kansalu pamphuno. Upale mozama, mpaka upeze dothi lakale, n'kuthira m'matumba. Usakataye kumunda, usakataye kunyanja. Ine ndikukaitana azaumoyo, ndiwo anene kokataya, aonenso ngalandeyi. Iwenso akuyeze, poti unkakanda ndi manja. Koma chachikulu n'chimodzi: mwanayo asaponde pamenepo, ngakhale amako atakumenya ndi mthiko."

Minibasi itafika, amake Rachel anali patsogolo ndi katundu, Rachel pambuyo atabereka mwana. Anapeza khonde lija, lomwe linagometsa a ku Jali, lili matope okhaokha, Leah ali pakati ndi khasu, kansalu kali kumphuno.

"Mayo ine! Wapenga? Ndinati uzire, sindinati ulime! Ukufuna kubzala mpunga pakhonde panga?"

Rachel anali wotopa. Anayamba kumasula chitenje kuti amutsitse mwana pambali pouma.

"Achemwali, musamutsitse!"

Leah anakuwa mokuti nkhuku zinabalalika. Anavula kansalu kaja.

"Si utsi wa amalume. Ndi mtsirowu. Kudambo sindinapiteko ngakhale tsiku limodzi. Ndinkatapa m'ngalande, pamene amalume amataya za m'mabatire. Khonde lino ndi chipinda chanu, zonse ndinazira ndi zomwezo."

Amake Rachel anatsegula pakamwa, kutseka, kutsegulanso. Aka kanali koyamba mawu kuwathawa mayi ameneyu. Mawuwo atabwerera, anabwera onse pamodzi.

"Mwana wa njoka iwe! Matope aja m'miyendo unkawatenga kuti? Ine kumakutama pachitsime ngati chitsiru! Ine kukamunena mlongo wanga ufiti pamaso pa Kachulu yense chifukwa cha iwe!" Anapuma pang'ono, n'kudzikonza chitenje. "Komabe m'ngalandemo anathira ndani? Si iye yemweyo? Ine sindikapepesa munthu!"

Rachel sanakuwe, sanatukwane. Anamanganso chitenje chake mwamphamvu, n'kufunsa funso limodzi.

"Unkadziwa kuti ndi zoipa?"

Bodza linali pafupi, lotola ndi dzanja. Leah analisiya.

"A Pitala anandiuza tsiku loyamba lomwe."

Rachel anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anatenga chikwama chake pamutu pa amayi ake, n'kutembenuka kubwerera kumsewu kukadikira galimoto ya ku Jali, kwa apongozi omwe aja anamunena zamayendedwe. Wisdom anatembenuza kakhosi kake kowonda. Leah anamukodola ndi dzanja lamatope. Mwanayo anamuyang'ana ngati akuyang'ana mtengo.

A Pitala anafika Leah akuthira dothi m'thumba lachiwiri. Anati azaumoyo abwera madzulo. Kenako anatsitsa mawu.

"Ndikufunse, mwana iwe. Ngalande ija unkaidziwa wekha?"

Khasu linagwa m'manja mwa Leah. Mnzake wa netibolo, Habiba, mwana wa a Mwanabibi ogulitsa milamba kudoko, anamukakamiza tsiku lina kuti amuuze chinsinsi cha khonde lowala. Leah anakamulozera yekha ndi chala. Ndipo kwa a Mwanabibi kunali mapasa, onse awiri okwawa. Leah anawaululira a Pitala zonsezi.

"Ndiye samba m'manja upite ukawauze," anatero a Pitala. "Ine miyendo yatha. Ndipo a Mwanabibi ukuwadziwa, amako akamalalata amaphunzira kwa iwo."

Leah anasuzumira kukhitchini. "Amayi, mundiperekeze."

Amayi ake anayankha nkhuku yomwe inali pakhomo. "Iwe nkhuku, umuuze munthu uyo kuti m'ngalande ankapita yekha."

Ndi mmene zinathera pakhomo pamenepo. Rachel analeka kuyankhula ndi Leah, ngakhale foni akamva mawu ake ankadula. A Jafeti, atamva zoona zake, analekabe kuyankhula ndi achemwali awo, ndipo mphwawo Leah akawapatsa moni ankayang'ana kunyanja. Amake Rachel ankayankhula ndi nkhuku, ndi miphika, ndi aliyense wodutsa, kupatula mwana wawo. Ndipo tsiku limenelo Leah, amene anali ndi mawu olemera oti akatule pakhomo pa eni, anatsika njira ya kudoko wopanda ndi mmodzi yemwe womuyankha.